Apongozi Anga Anatulukira ku Buti

Mpaka lero ndikangomva nthungululu za pachinkhoswe, ndimadzuka pampando, maso n'kuyamba kufunafuna khomo lotulukira. Mkazi wanga amauza anthu kuti ndi shuga. Si shuga ayi, abale anga. Ndi kagalimoto kofiira kamene ndinagula ndekha, masana dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe ngakhale dontho la mowa.

Nthawi imeneyo ndinali mlangizi wa zaulimi ku Phalombe Boma. Kwathu ndi ku Dedza, koma ntchito inandiponya kuno, ndipo konkuno ndi kumene ndinapeza banja: amake Chisomo, mwana wa kwa Chiwalo. Zinali zaka zija magalimoto akale a ku Japan atangoyamba kusefukira m'dziko muno, moti ngakhale ife a malipiro a boma tinayamba kulota maloto a anthu olemera. Ndinasunga timaalawansi ta m'mawekishopu (anzanga akamagona kuresitihausi, ine ndinkagona kwa msuweni, pamkeka), ndinagulitsa nandolo wa zaka zingapo, mpaka tsiku linakwana loti nanenso ndikhale munthu wa makiyi m'thumba.

Ku Limbe sindinapite ndekha. Ndinapita ndi a Chirwa a ku ofesi ya malipiro, amene nawonso ankafuna yawo. A Chirwa ndi munthu wabwino mtima, koma Mulungu powalenga anaiwala kuwaikira potsitsira mawu. Akamanong'ona amamveka kuseri kwa msika.

Ndikunyamuka, amake Chisomo anangondiuza chinthu chimodzi.

"Bambo a Chisomo, muyang'ane yoti amayi akhoza kukwera."

"Galimoto iliyonse munthu amakwera," ndinatero ine, ndikumanga lamba.

Tonse awiri tinkadziwa mtundu umene tinkafuna: timagalimoto tija totalika miyendo, tokoka ndi matayala onse anayi. Misewu ya kuno nthawi imeneyo inali isanalawe phula. Mvula ikagwa ku phiri la Michesi, galimoto yotsika mimba inkangokhala yokongoletsa pakhomo. Pa bwalo lina logulitsira magalimoto tinapeza tiwiri, mtengo umodzi, zaka zofanana, injini zake ngati mapasa. Kena koyera, kotalikirapo, ka zitseko zisanu (ogulitsa amawerengera ndi cha ku buti chomwe), kokalikakalika m'mbali. Kena kofiira psuu, kakafupi, ka zitseko zitatu, tayala la sipeya kataliberekera kumbuyo m'chikwama chakuda chojambulidwa chipembere.

Wogulitsa anali bambo wa lilime lotsekemera. Anangotiyang'ana n'kudziwa matenda a aliyense.

"Bwana," anatero kwa a Chirwa, "koyeraka ndi ka munthu wa banja, ka ntchito." Kenako anatembenukira kwa ine n'kutsitsa mawu. "Koma kofiiraka, bwana wanga, ndi ka munthu amene akamatsika anthu amafunsana kuti, kodi ameneyu ndi ndani?"

Basi, ine ndinathera pomwepo. A Chirwa anagwada, anasuzumira pansi, anatsegula zitseko zonse, anakhala kumbuyo n'kutambasula miyendo, milomo ikuyenda yokha. Iwo ankaona kale anthu a matola a tsiku la msika ku Migowi ndi madengu a matemba ochokera ku Chilwa. Ine ndinkangodziona ndekha m'galasi. Kofiira kaja kankafanana ndi timene ankayendera mabwana a mabungwe, aja ankafika ku Boma atavala magalasi akuda n'kumatipatsa moni ndi nsonga za zala.

Panalinso chifukwa china, ndipo chimenechi ndinawauza a Chirwa okha, titapatuka pang'ono.

"Inu simudziwa, a Chirwa. Kumudzi ukagula galimoto sunagule yako. Wagula ambulansi, wagula ya maliro, wagula ya kuchigayo. Ya zitseko zisanuyo mukangoima, anthu alowa okha mbali zonse. Iyi khomo lolowera kumbuyo ndi limodzi, ndipo n'lokwawa. Achibale a mkazi wanga ndi mtundu wathunthu. Akakwawa kamodzi, ulendo wachiwiri adzasankha okha kuyenda pansi."

A Chirwa anaseka mpaka kugwira tayala. "Ndinu ochenjera, a Dedza inu!" Ine ndinamva kukoma, ndisakubisireni.

Potipatsa makiyi, wogulitsa uja anandionetsa kachitsulo pansi pa mpando wa kumanzere. "Mukakoka aka, mpandowu umagwada n'kusendera kutsogolo, munthu n'kulowa kumbuyo. Wa dalaivalawu musavutike nawo, tinauwotcherera chifukwa unkagwedera." Ndinagwedeza mutu, koma khutu linali ku wailesi.

Nditafika nako kunyumba, amake Chisomo anatuluka akupukuta manja. Anakazungulira, n'kukazunguliranso, ngati munthu wotaya singano.

"Zitseko zinazo zibwera pambuyo?"

"Ndi mmene kalili. Ndi sitayelo."

"Oho." Anabwerera kukhitchini. Amene muli pabanja mukudziwa kuti "oho" wotereyu ndi mlandu woimikidwa, osati wothetsedwa.

Tsono kuti mumvetse kukula kwa tsoka langa, muyenera kudziwa kuti ine kwa Chiwalo ndinali mkamwini wachitsanzo. Zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanawayang'anepo apongozi anga m'maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kumanzere n'kunjuta, ine kumanja n'kuvula chipewa, moni n'kumapereka kwa mitengo. Kudyera pamodzi, ayi. Kugwirana chanza, ayi. Akafuna kundiuza kanthu ankauza munthu wina, ngakhale ndili pomwepo, ine n'kuyankhanso kudzera mwa yemweyo. Akamwini ena akalakwa ankauzidwa kuti, "Bwanji osaonera wa ku Boma uja? Wophunzira, koma mwambo ali nawo." Dzina limeneli ndinkalinyadira kuposa satifiketi yanga ya zaulimi.

Pasanapite nthawi mlamu wanga Esinati, mwana wotsiriza wa apongozi, anapeza mwamuna wa ku Limbe. Akuchimuna anali anthu a m'tauni. Anati chinkhoswe chisachitikire pansi pa mtengo wa mango, chichitikire mu holo ya sukulu ina ku Migowi, pakhale zoimbira, pakhale ndi wojambula vidiyo. Apongozi anga nkhawa inawagwira. Iwo ndi mayi wamasiye, chuma chawo munda ndi khasu basi, ndipo ankaopa kuti anthu a nsapato zosongoka aja akamuona mwana wawo ngati wotoledwa panjira. Anasoketsa zovala zatsopano, anagula duku ndi nsapato, ndipo anatuma mlongo wawo, amalume a Nampinga, amene analinso nkhoswe, kudzandiuza mawu.

"Akuti mudzawatenge pa galimoto yanu," anatero amalume. "Akuti anthu a ku Limbe aone kuti nafenso tili ndi wathu."

Wathu! Ine wobwera, wa ku Dedza, kutchedwa wathu! Mtima unasungunuka, zonse ndinanena ku Limbe zija n'kuiwalika.

Amake Chisomo anayesa kundipulumutsa. "Bwanji tsikulo musinthane ndi a Chirwa? Amayi bondo lija mukulidziwa, thupinso si lamasewera."

"Ine ndikatenge apongozi pa galimoto yobwereka, yonunkha matemba? Anthu adzati chiyani?"

"Chabwino. Anthuwo adzanenadi."

Linali Loweruka la mu Okutobala, kutentha kuja nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mkazi wanga anali atalawirira ku holo kukaphika, ndipo a Chirwa anapemphedwa kututa amayi akuchikazi. Ine ndinatsuka kofiira kanga mpaka kunyezimira, ndinavala suti, n'kuuyatsa wa kwa Chiwalo.

Vuto loyamba linali pokhala. Kutsogolo apongozi sakanakhala: phewa ndi phewa ndi mkamwini, anthu angamve bwanji? Choncho kutsogolo kunali kwa amalume, iwo kumbuyo. Vuto lachiwiri linali polowera. Kuti munthu afike kumbuyoko amayenera kuwerama, kulowetsa mutu, kupinda bondo, n'kusiya mbali yotsala ya thupi panja kwa kanthawi, ikupatsa moni dziko. Mkamwini sangaonerere zimenezo. Ndinawaphunzitsa amalume kakokedwe ka kachitsulo kaja, ine n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, kumayang'ana mitambo imene kunalibe.

Ndinkangomva mawu. "Mutu kaye, achemwali! Ayi, mwendo winawo! Takankhani inu, mukungoyang'ana chiyani?" Kenako kubuula, kenako mawu a Chilomwe amene tanthauzo lake sindinalimve, koma kulemera kwake ndinakumva. Patapita nthawi amalume anakuwa kuti, "Alowa!" ndipo amayi a pamudzi anaomba m'manja ngati kwabadwa mwana.

Analowa ndi katundu yense wa mwambo: lichero, tsache, chipande, mthiko watsopano wautali, ndi nkhuku ya thadzi yomangidwa miyendo, yokapereka kuchimuna. Nditakhala pa chiwongolero ndinakweza maso, ndipo, kalanga ine, m'kagalasi koonera kumbuyo ndinakumana ndi duku. Pang'onong'ono tikanaphana maso. Amalume anachita changu, anatulutsa kampango ka m'thumba n'kuphimba kagalasi konse. Tinanyamuka, za kumbuyo nditazisiya m'manja mwa Mulungu.

Galimoto yaifupi pa msewu wa mabampu imadumpha, ndipo zimenezi wogulitsa uja sananene. Tinkayenda chonjanja, chipewa cha amalume chikugunda denga.

"Achimwene," mawu anachokera kumbuyo, "auzeni bambo kuti kuno mphepo kulibe."

"Akuti kumbuyoko mphepo kulibe," anatero amalume, ngati kuti ine ndinali ku Dedza.

"Auzeni amayi kuti mawindo a kumbuyoko satsika, ndi mmene anapangira eni ake."

"Akuti eni ake anamata."

Nditsitse akutsogolo, fumbi lofiira linkalowa n'kumakathira pa zovala zatsopano zija. Nditseke, tinkapsa. Tinasankha kupsa, poti anthu a ku Limbe thukuta angalikhululukire koma fumbi ayi. Titawoloka kamlatho kena galimoto inadumpha kwambiri, nkhuku inalira, ndipo pansi pa mpando wa amalume panamveka kuti kho! Ine ndinati ndi mwala.

Tinafika ku Migowi holo itadzaza kale. Ndikanakhala wanzeru ndikanaimika kuseri, pamthunzi, apongozi n'kutsika mwakachetechete. Koma kodi kofiira kaja ndinagulira kuseri? Ndinaliza hutala kuyambira kumsika, n'kukaima pakhomo penipeni. Kutsogolo kwathu kunali koyera ka a Chirwa, zitseko zonse zili yasa, amayi akutsika mbali zonse akuseka, wina atanyamula ndi mphika womwe. Akuchikazi anathamangira kwa ife ndi nthungululu. Akuchimuna anatuluka kudzaona, masuti ndi zipewa za kutchalitchi. Wojambula vidiyo anadzaima pafupi, makina ali paphewa. Woyendetsa mwambo naye anatuluka akukoka chingwe cha maikolofoni.

"Amayi ndi abambo! Afika mayi ake a namwali! Taonani galimoto, taonani ulemerero! Akuchimuna, mumati kwa Chiwalo kulibe anthu?"

Amalume anatsika mwaulemu, anakonza jekete, anawerama n'kukoka kachitsulo kaja. Zii. Anakokanso. Mpando uli gwa. Ndinatsika ndikumwetulira ngati munthu wodziwa zinthu, ndinazungulira, ndinakoka. Mpando unangogwedezeka pang'ono n'kubwerera m'malo. Ndinakoka ndi manja awiri, phazi nditaponda pakhomo, ndipo kachitsulo kanatsalira m'manja mwanga.

Nthungululu zinayamba kuzima imodziimodzi.

Ndinathamangira ku mpando wa dalaivala, n'kukumbukira nditafika kale kuti ndi wowotcherera. M'katimo munali ngati mu uvuni. Ndinkamva apongozi akupuma wefuwefu.

"Achimwene, auzeni bambo kuti mutu ukuzungulira."

Sindinadikire kuti amalume andiuze. Ndinavula jekete, ndinaponya kachitsulo m'thumba, ndinagwada m'fumbi, nkhope nditatembenuzira kumbali monga mwa mwambo, n'kulowetsa mkono pansi pa mpando kufufuza chimene chatsekereza. Ndinapapasa, ndinapapasa, mpaka ndinakhudza chinthu cholimba, chobulungira. Mumtima ndinati ndachipeza! Ndinachigwira zolimba n'kukoka ndi mphamvu zonse za mlangizi wa zaulimi.

Abale inu. Unali mwendo wa apongozi.

Kukuwa kumene kunatuluka m'galimoto muja ndikhulupirira kunamveka mpaka ku Boma. Mwendo unapulumuka, koma nsapato yatsopano inabwera nane panja. Ndinaimirira nditaigwira m'manja, wa vidiyo n'kundiyandikitsa makina kumaso. Sindinadziwe kuti ndiiponye, ndiibweze, kapena ndiidye.

Apa ndi pamene a Chirwa anabwera kudzathandiza. Anaima pafupi ndi woyendetsa mwambo, amene m'chipwirikiticho anali atangotsitsa maikolofoni osazimitsa, ndipo anandinong'oneza, kunong'ona kwawo kuja:

"Nzeru zanu zija ndi izi, a Dedza! Paja ku Limbe mumvekere ndikufuna yoti achibale a mkazi wanga akakwawa kamodzi asadzakwerenso. Nanga tsopano wokwawayo atuluka bwanji?"

Mawu amenewo anatuluka pa zimkuzamawu zonse, m'holo ndi panja pomwe. Anamveka bwino kuposa nyimbo iliyonse ya tsikulo. Mayi wina wakuchimuna, wa chipewa cha nthenga, anati, "Shuwa?" n'kuphimba pakamwa. Ndinaona amake Chisomo ataima kumene ankaphikira kuja, chipande chili m'manja. Sanakalipe, sanalire. Anangondiyang'ana, kenako n'kuyang'ana pansi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Koma munthu anali akadali m'kati, ndipo manyazi anga sakanamutulutsa. Amalume, nkhope ili gwa, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Tsegulani kumbuyo."

"Ku buti, amalume?"

"Muli ndi khomo lina?"

Ndinatsegula chitseko cha chipembere chija. Amayi anamasula zitenje zapamwamba n'kupanga mpanda kuzungulira kumbuyo kwa galimoto. Ine ndinayenera kutsala m'kati mwa mpandawo, chifukwa chitsekocho n'cholemera ndi tayala ndipo galimoto inaima mopendekeka, ukachisiya chinkabwerera chokha. Ndinachigwira, nkhope kumbali, maso nditatsinzina. Apongozi anayenera kutembenuka, kugwada pa mpando, n'kudutsa pamwamba pa chotsamira chake, amalume akuwalandira. Mayi wa msinkhu wawo, ndi bondo lawo lija, atavala zovala zimene anasoketsa kuti anthu a ku Limbe awalemekeze.

Mwendo umodzi unadutsa. Ndiye nkhuku ija, imene chingwe chinali chitamasuka m'chipwirikitimo, inaona kuwala. Inauluka kudutsa paphewa pa apongozi n'kukamenya amalume kumaso, amalume n'kugwera pa amayi a zitenje. Mpanda wonse unagwa. Nditamva kuti "Mayo!" ndinatsegula maso, ndipo ndinaona apongozi akubwera chamutu, pansi pali miyala yokhayokha.

Mwambo unathera pamenepo. Ndinasiya chitseko n'kutambasula manja. Anagwera pachifuwa panga ndi thupi lawo lonse. Ndinadzandira, koma sindinagwe. Chitseko chija chinabwera n'kundimenya kumsana, n'kutikankhira poyera, pamaso pa anthu onse: mkamwini wachitsanzo wa kwa Chiwalo atanyamula apongozi ake m'manja ngati mkwatibwi, duku litagwa, imvi zili pamtunda, phazi limodzi lopanda nsapato. Wa zoimbira, amene anali m'kati osaona kanthu, atamva phokoso anaganiza kuti alendo olemekezeka akulowa, n'kutsegula nyimbo.

Ndinawatsitsa pang'onopang'ono. Amake Chisomo anafika, anawafunditsa chitenje kumutu, anandilanda nsapato ija, n'kupita nawo kuseri. Pambuyo pake makaniko wina wa pa Migowi anatulutsa chimene chinatsekereza mpando. Unali mthiko uja, utalowa m'njanji za mpando pa kamlatho paja n'kuthyokera momwemo.

Chinkhoswe chinachitika ndithu. Nkhuku inagwidwa kuseri kwa zimbudzi n'kuperekedwa, nthenga zitathothoka. Mthiko anabwereka wa ophika. Anthu anavina, anafupa. Koma apongozi anga anakhala pakona tsiku lonse, chitenje chili kumutu. Ataitanidwa kuti mayi wa namwali adzavine perekaniperekani, anangopukusa mutu. Munthu amene anakonzekera tsikuli miyezi yonse ija sanaponde pabwalo ngakhale kamodzi. Zimenezi zinandiwawa kuposa kuseka konse kwa anthu, ndipo zimandiwawabe. Pobwerera anakwera ya a Chirwa.

Za tepi ya vidiyo ndisanene zambiri. Wojambula uja analumbira kuti adula mbali imeneyo. Anaduladi, n'kumaigulitsa payokha. M'mavidiyo shoo a pa Migowi ankaionetsa filimu ya karate isanayambe (ndinamva kuti pa mwendo paja ankabwezeretsa kumbuyo anthu akapempha), ndipo ndikamadutsa ndi kofiira kanga, a kabaza ankakuwa kuti, "Apongozi atsike!" Wogulitsa uja sananame. Anthu ankafunsanadi kuti ameneyu ndi ndani, ndipo ankayankhana.

A Chirwa anabwera kudzapepesa Lolemba ku ofesi. Anapepesa mokweza, moti amene sanapite ku chinkhoswe anamvera pomwepo nkhani yonse.

Kunyumba kunali bata la mtundu wina. Amake Chisomo ankaphika, ankachapa, ankandiyankha "eya" ndi "ayi". Tsiku lina akutola mbale anangoti, "Mupita liti kwa amayi?"

Ndinagula tambala ndi shuga, n'kupempha amalume kuti andiperekeze. Galimoto ndinaisiya kumsewu, n'kulowa m'mudzi wapansi. Ndinakhala pamphasa kuyang'ana kunkhokwe, apongozi ali pakhonde atafulatira, monga mwa masiku onse. Amalume anatsokomola n'kuyamba kuti, "Achemwali, bambowa abwera ndi mawu akuti..."

"Takhalani chete, achimwene. Munthu wandigwira mwendo, wandinyamula pamaso pa anthu a ku Limbe, ndiye lero tizilankhulana kudzera mwa inu? Bambo, tayang'anani kuno."

Khosi linakana, koma ndinatembenuka. Kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. Anali ndi maso a mkazi wanga enieni.

"Zondinyamula zija musadandaule nazo," anatero. "Mukanasunga mwambo, bwenzi pano ndili m'chipatala, kapena kumanda. Pamenepo munachita ngati mwana wanga wobala ndekha, ndathokoza. Za mwendo, mumafuna mthiko, ndamva. Koma zija ananena mnzanu pa chimkuzamawu. Munanenadi?"

Bodza linafika pakamwa, lokonzeka bwino, loti a Chirwa anali atalawa. Koma ndi maso aja sindikanatha.

"Ndinanena, amayi. Zinali zocheza, koma ndinanena."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuloza kanjira kamene ndinadzera.

"Bambo, munabwera kuno mulibe mbale, mulibe munda, chilankhulo chathu simuchimva. Mudzi unonso njira yake yolowera ndi imodzi. Kodi inu tinakukwawitsani?"

Amalume anayang'ana kumwamba. Tambala anayang'ana ine.

Mawa lake ndinapita kwa makaniko uja n'kumuuza kuti achotseretu mpando wa kumanzerewo. Zogulitsa sizikanatheka. Ndani m'Phalombe muno akanagula galimoto ya mufilimu? Kuyambira pamenepo khomo linali pululu, ndipo kofiira kaja kananyamula odwala, anamfedwa, matumba a kuchigayo, mbuzi, ndi mtundu wonse wa kwa Chiwalo, ine osang'ung'udza. Ndiye inu mukamasankha pakati pa ziwiri za mtengo umodzi, musamadzione m'galasi. Khalani kaye kumbuyo, muyese kutuluka.

Koma amene ndinachotsera mpandowo sanakweremonso. Ankalankhula nane tsopano, ankandisungira ndi nyemba za kalongonda zomwe, koma pa tsiku lawo la kuchipatala ku Boma ankakwera njinga ya kabaza. Ndikawapeza panjira ndinkaima n'kutsegula chitseko. Iwo ankamwetulira n'kunena kuti, "Pitani bwino, bambo, ife tinazolowera." Ndiye ndinkatseka chitseko n'kumayenda pambuyo pa njingayo pang'onopang'ono, galimoto ilibe munthu, mpaka ku Boma, kuopa kuwathira fumbi.